Botolo Lobiriwira

1. Malo Apezeka

Kuno ku Iowa chimanga chikalowa m'nkhokwe, chisanu n'kutseka minda, timasiya kukamba za mvula ndi za nkhumba. Timayamba kukamba za masewera ogwetsana. Kale anali a anyamata okhaokha. Masiku ano atsikana nawonso akugwetsana, ndipo holo ya pasukulu imadzaza mpaka agogo kuonerera ali chiimire.

Lamulo lake ndi louma: munthu amagwetsana ndi wolemera ngati iye. M'mawa wa tsiku la mpikisano aliyense amakwera pasikelo. Ukapitirira, ngakhale ndi kulemera kwa dzira, tsiku limenelo ndiwe woonerera.

Corinne Tjaden anali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo ankalemera mapaundi 124. Vuto linali lakuti malo a olemera mapaundi 125 m'timu ya sukulu anali ndi mwini wake, Shaylee Boekhoff, kaputeni, amene ankamumenyetsa pansi Corinne ngati thumba la gaga nthawi zonse akayesana. Nyengo yonse Corinne anali pabenchi, ntchito kuombera anzake m'manja.

Ndiye Lolemba lina mtsikana wa malo a 120 anaterereka pa ayezi n'kuthyoka mkono. Loweruka la sabata yomweyo kunali mpikisano waukulu wa chigawo, wosankha okapikisana ndi a Iowa yense. Ukauphonya umenewu, basi, dikira chaka chamawa.

Mayi Odegaard, kochi wa timuyo, anamuitanira pambali.

"Corinne, malo a 120 alibe munthu. Ukawafuna ndi ako. Koma undimvetse bwino, sindikufuna zopusa. Udye, umwe madzi, uthamange. Sikelo ikakana Loweruka, yakana. Palibe adzakudule mutu."

"Ndamva, Akochi."

Atangolowa m'chipinda chosinthira zovala, Shaylee anamukokera kuseri kwa makabati.

"Zimene akuuzazo zilowe khutu ili zitulukire linali," anatero. "Amayankhula choncho kuti mawa asadzafunsidwe. Mapaundi anayi pofika Loweruka sangachoke ndi zitheba, mwali. Gwira."

Anamupatsa paketi ya maswiti obiriwira, owawasa aja, ndi botolo lapulasitiki lopanda kanthu, la chakumwa cha othamanga.

"Maswiti? Si shuga yekhayekha ameneyu?"

"Ndani wati umeze, mbuzi iwe? Uvumate basi. M'kamwa mukadzaza malovu, lavulira umu. Botolo likadzaza, paundi yapita. Madzi usawayandikire. Tonsefe timatero. Ukuganiza kuti ine 125 ndinabadwa nayo?"

Corinne anasuzumira m'kabati ya Shaylee. Munali mabotolo atatu, onse odzaza, thovu lili pamwamba. Komabe botolo lake analiika m'chikwama.

2. Khitchini ya a Lyle

Kwa a Tjaden wophika ndi bambo. Amayi a Corinne amayendetsa thiraki ya katundu ndipo amafika pakhomo mwa apo ndi apo. Bambo ake, a Lyle, amaweta nkhumba, ndipo nawonso ankagwetsana ali pasukulu. Atamva za malo a 120 anavina m'khitchini ndi nsapato za m'khola, kenako anatulutsa kasikelo koyezera chakudya.

"Tiyambe ndi kupitikitsa alendo," anatero.

Anatsegula firiji n'kuchotsamo soda, batala, masoseji ndi tchizi. Zonsezo anakasiya kwa aneba. Paketi ya tchipisi inapita kukhola.

Sabata imeneyo a Lyle anasanduka munthu wina. Magalasi ali pamphuno, ankatembenuza chitini chilichonse kuti aone makalori ake, mlingo wa zonenepetsa, uku akung'ung'udza. M'mawa ankaphika phala la oti lothira supuni imodzi ya chiponde ndi theka la nthochi. Chamasana ankamulongedzera mpunga, zitheba, ndi nyama ya pachifuwa cha nkhuku yootcha mu uvuni, chikopa atasenda. Madzulo kunkakhala msuzi wa nyemba wa tomato ndi tsabola, mbatata yootcha, ndi apulo. Apulo wawo iwo ankamuduladula tizidutswa topyapyala, monga mwa nthawi zonse.

"Bwera uone," anamuitana Lachiwiri ali pachitofu. "Supuni imodzi iyi ya mafuta ili ndi makalori oposa mbale yonse ya zithebayo. Ndiye mafuta timangopaka pansi pa poto, osathira ayi. Kukoma kuchokere kwa anyezi, adyo ndi tsabola. Lawa apa."

Corinne analawa kunsonga kwa supuni, ndipo bambo ake atayang'ana kumbali analavulira m'sinki.

Chakudyacho chinali chokoma, ndisaname. Ndipo a Lyle ankadya chomwecho, kuti mwana asadye yekha zopanda mafuta.

"Wogwetsana ali ngati thirakitala, mwanawe," anatero patebulo. "Thirakitala siilima yopanda dizilo. Tichotsa zimene thupi silikuzifuna, koma njala ayi. Kunena zoona, mapaundi anayi pa sabata imodzi sindikulonjeza. Awiri mwina. Tikachita mwayi, atatu."

"Awiri sandithandiza, Adadi."

"Pang'onopang'ono ndi mtolo. Idya."

Corinne sanadye. Pansi pa tebulo pankagona Otis, galu wawo wokalamba. Bambo akangotembenukira kuchitofu, nkhuku inkatsika pansi, mbatata n'kutsatira. Chamasana chija chinkathera m'bini ya kusukulu. Munthu kulawirira m'mamawa, kusenda, kuyeza, kuphika, zonsezo kuti zikadyedwe ndi bini! Ine zimandiwawa ndikamazikamba.

"Galu ameneyu watani?" a Lyle anadabwa Lachinayi. "Tonse tikuonda, iye yekha mimba ikukwekwereza pansi."

Corinne sanaseke. Milomo yake inali itang'ambikang'ambika.

Za botolo lija ndiye musanene. M'kalasi ankalibisa m'dzanja la jekete. Aphunzitsi akatembenukira kubolodi, iye weramu, thu! Malovu oyamba anali amadzimadzi. Pofika Lachinayi anali olimba, onanda, ochita kudula ndi chala kuti achoke pamlomo. Lilime linabiriwira n'kutuluka zilonda. M'kamwa munkatuluka fungo loti mnyamata wokhala naye pafupi anakoka desiki yake n'kukakhala kuwindo, chisanu chili chonchija. Mkodzo unali wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka.

Tsiku lina pokonzekera mpikisano anadzuka pamkeka wogwetsanapo n'kuona mdima.

"Corinne, ukudya iwe?" anafunsa Mayi Odegaard.

"Ndikudya, Akochi. Adadi akuphika bwino kwambiri."

Mbali yachiwiriyo inali yoona. Sikelo inkatsika, ndipo Shaylee ankamusisita pamsana.

3. M'pikapu

Lachisanu madzulo a Lyle anabwera kudzamutenga kusukulu. Ankachokera kotsitsa matumba a chakudya cha nkhumba, kukhosi kuli gwa. Corinne anakwera m'pikapu mutu usakugwira. Botolo limene analibisa sabata yonse analiika poyera, pamalo oika makapu pakati pa mipando. Mpweya wofunda wa m'galimoto utamuomba, anatsamira windo n'kuyamba kusinza.

Atadutsa nkhokwe zazitali za kumapeto kwa tauni, a Lyle analiona botolo lija. Linali lodzaza mpaka m'khosi, lobiriwira bwinobwino.

"Eee, ndakugwira!" anatero akuseka. "Ine ndasiya soda chifukwa cha iwe, iwe ukumwa zashuga mobisa? Bweretsa ndikuchepetsere makalori."

Corinne anatsegula maso mochedwa.

"Adadi, ayi!"

A Lyle anali atagugudiza kale.

Chinali chofunda. Chinali chonanda ngati therere logona. Theka linatsika kukhosi, theka linatsala likulendewera pakati pa mlomo ndi botolo. Maso a a Lyle anatong'oka. Anaponda buleki, pikapu inaterereka n'kukaima m'mbali mwa msewu, ndipo asanatsegule n'komwe chitseko bwinobwino anayamba kusanza. Nyemba zamasana, khofi wam'mawa, zonse zinabwerera. Analavula, kutsokomola, kulavulanso. Pomaliza panatuluka chinthu china cholimba, n'kugwera m'chipale chofewa.

Corinne anatsika n'kuzungulira galimoto. Pakati pa masanziwo, nthunzi ikufuka, panali mano a bambo ake. Onse am'mwamba, mzere wathunthu, akumwetulira okha.

Ankadziwa kuti bambo ake ali ndi mano oikirira. Tauni yonse inkadziwa, ndipo nkhani inali yakuti nkhumba yamphongo inawamenyetsa geti pakamwa ali mnyamata. Koma anali asanawaonepo atawachotsa. Mlomo wam'mwamba unali utalowa m'kati, masaya ataphwa. Bambo wa zaka makumi anayi ankaoneka ngati nkhalamba yoyendera ndodo.

A Lyle anatola manowo ndi zala ziwiri, anawapukuta ndi chipale, n'kuwaika padashibodi. Kenako ananyamula botolo lija n'kuliyang'anitsitsa.

"Obiriwira," anatero, mawu akutuluka ophwanyikaphwanyika. "Nthawi yathu maswiti ake anali ofiira. Lowa m'galimoto."

4. Mano Padashibodi

Sananyamuke. Injini inkangolira, magalimoto ena akudutsa.

"Ndamwa malovu ako, mwana wanga," anayamba motero. "Ndakusinthapo matewera. Ndakupukutapo mamina. Ndapisapo dzanja m'mimba mwa nkhumba kukoka ana. Koma chonyansa ngati chimenechi sichinalowepo m'kamwa mwanga. Asa! Ndipo iwe wayenda nacho m'chikwama sabata yonse, pamodzi ndi mabuku."

"Pepani, Adadi. Sindinadziwe kuti mumwa."

"Khala chete ndiyankhule ine. Ayang'ane manowo. Usayang'ane kumbali, ayang'ane. Palibe nkhumba imene inandimenya ine. Bodza limenelo analipeka agogo ako pochita manyazi kutchalitchi.

"Ndinayamba ngati iwe, ndi botolo. Anandipatsa ndi mnzanga, ndipo anati aliyense amatero. Mawu amenewo sakalamba, waona? Botolo litasiya kuthandiza, tinayamba kuvala matumba a zinyalala m'kati mwa zovala n'kumathamanga m'chipinda cha mapaipi otentha mpaka thukuta kudzaza m'nsapato. Zimenezonso zitasiya kuthandiza, ndinaphunzira kupisa chala kukhosi. Agogo ako ankaphika, ine kudya bwinobwino pamaso pawo, kenako ulendo kuseri kwa khola kukabweza. Nkhumba zinkandidziwa. Zikangondiona zinkathamangira kumpanda kukadikira.

"Sikelo ndinkaigonjetsa, ee. Sindinapitirirepo ngakhale kamodzi. Koma pamkeka? Tsiku la mpikisano waukulu miyendo yanga inali ngati ya mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene. Mnyamata amene ndinkamugwetsa chaka chonse anandigoneka chagada anthu asanakhale n'komwe pansi. Sikelo sipereka mendulo, Corinne. Imangokuuza kuti lowa ukamenyedwe.

"Nyengo ya masewera inatha, koma chala sichinasiye. Thupi likazolowera njira imeneyo silifunsanso kuti kuli mpikisano kapena kulibe. Zowawasa za m'mimba zija zinadya mano anga kuyambira kuseri, limodzilimodzi. Anayamba ndi kuwawa ndikamwa madzi ozizira. Kenako anada. Kenako anayamba kufumbutuka ngati choko. Tsiku lina ndinaluma buledi, dzino n'kutsalira momwemo. Amayi ako ndinawakwatira ndi mano apulasitiki.

"Ndine mwana wa ku Iowa, ine. Unandionapo ndikukukuta chimanga pachitsononkho? Unandionapo ndikuluma apulo? Umaganiza kuti ndimaduladula chifukwa cha ulemu?"

Corinne anapukusa mutu. Misozi sinatuluke, m'thupi munalibe madzi oti ituluke nawo.

"Ndingathe kuimbira foni akochi ako pompano, nkhani n'kuthera pomwepo. Sinditero. Mwana akalirira nyanga ya nsatsi umamusemera, imufotere yekha m'manja. Mawa ndikuperekeza. Koma udziwiretu kuti mawa wina adzakuuza kuti kwangotsala pang'ono, ungochita kamodzi kokha. Kamodzi kokha kanga ndi aka kali padashibodika. Thupi ndi lako, udzakhala nalo ine nditapita. Chakudya changa ngati sukuchifuna undiuze pamaso, ndisiye kulawirira m'mamawa. Koma usandipatsirenso galu."

"Munadziwa?"

"Ndadziwa lero. Galu sanenepa ndi mphepo."

Anakulunga mano aja m'kampango, anawaika m'thumba la jekete, n'kuyendetsa galimoto.

Madzulo amenewo Otis anatsekeredwa m'galaja. Patebulo panali msuzi wa nkhuku wothira karoti ndi kabichi, kagawo ka buledi, ndi kapu ya madzi. Corinne anayamba ndi madzi. Kapu yoyamba anamwa osapumira, yachiwiri chimodzimodzi, zilonda za palilime zikubaya. Kenako anadya msuzi wonse ali wokwiya, supuni ikugunda mbale.

5. Kamodzi Kokha

Mpikisano unali kusukulu ya tauni ina. M'chipinda chosinthira cha atsikana munali kasikelo koyeserapo munthu asanapite kwa oyeza enieni. Corinne anakwera. Kanaonetsa 120.8.

Shaylee anali kumbuyo kwake, nkhope itatuwa, maso atalowa m'kati.

"Wadya," anatero. "Wadya iwe! Dzulo masana unali utafika kale. Wadya chiyani, nkhumba yathunthu?"

"Msuzi basi. Ndi madzi."

"Madzi! Mwamumva? Akuti madzi!"

M'chipindamo munkanunkha thukuta, mapazi ndi maswiti owawasa. Mtsikana wina wa sukulu ina ankadumpha chingwe atavala thumba lakuda la zinyalala, thukuta likuchuchira pansi. Wina ankadula tsitsi lake lalitali ndi sizasi, akulira. Pabenchi mabotolo anali atandandalika, obiriwira, ofiira, achikasu, ndipo ngodya zonse kunkamveka thu, thu, thu. Ana a anthu, obadwira kumene nkhokwe zimasefukira, akudziyanika okha ngati mfutso! Amene anayambitsa mwambo umenewu ndikanamuona ndikanamumwetsa mabotolo onsewo.

Shaylee anamugwira mkono Corinne n'kumukokera kuzimbudzi.

"Nthawi ikadalipo pang'ono. Lowa, chala kukhosi, zonse zituluke. Zikakanika umwe aka." Anatambasula dzanja. Munali kambulu koyera ka mankhwala. "Ndi a agogo anga, a kuthamanga kwa magazi. Amakodzetsa. Ine ndamwa atatu."

"Atatu? Shaylee, manja ako akunjenjemera."

"Za manja anga zisiye. Ukapitirira, malo a 120 akhala opanda munthu, timu itaya mapointi. Ukufuna tonse tibwerere chimanjamanja chifukwa cha msuzi wa adadi ako? Kamodzi kokha, mwali. Lowa."

Anamukankhira m'kachipinda n'kukoka chitseko.

Wina anali atafikamo kale, ndipo sanagejemule. M'chimbudzimo munkayandama zidutswa za nthochi ndi zina zosadziwika. M'mphepete munali madontho, tsitsi lalitali litamatirira pomwepo. Fungo lake lowawasa linali lomwe lija la dzulo m'mbali mwa msewu. Corinne anagwada. Bondo linatera ponyowa. Anakweza chala.

Chalacho chinakhudza mano akutsogolo n'kuima pomwepo.

"Bwanji sindikumva kanthu?" Shaylee anagogoda. "Fulumira!"

Corinne anaimirira. Anagejemula za mnzake uja, n'kutsegula chitseko.

"Sindichita."

"Wati chiyani?"

"Ndati sindichita. N'zonyansa, Shaylee. Zonsezi n'zonyansa. Nawenso ukudziwa."

"Mxii! Udzafera pabenchi iwe."

Corinne anapita pasinki. Anasamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono, anapukuta bondo, ndipo paketi ya maswiti anaiponya m'bini. Kenako anakaima pamzere wa oyezedwa.

Woyeza anali mayi wina wa magalasi amene sankayang'ana nkhope za ana, koma manambala okha.

"120.6. Wapitirira, mwanawe. Tsika. Wotsatira!"

Shaylee atafika anakwanitsa 125 yake. Potsika pasikelo anagwira khoma.

Mayi Odegaard anatsinzina pang'ono, kenako anamugwira Corinne paphewa. "Yakana, yakana. Pita ukadye."

Anzake a m'timu analibe ulemu woterowo. Akudutsa, mmodzi analira ngati nkhumba chapansipansi, ena n'kuseka.

"Za kwa Tjaden zimenezo," anatero. "Sizimva kukhuta."

Nyengo ya Corinne inathera pamenepo, asanaponde n'komwe mkeka.

6. Apulo

Bambo ake anawapeza pamzere wapamwamba wa mabenchi a oonerera, kontena ili pamiyendo. Anakhala pambali pawo.

"Ndapitirira, Adadi."

"Ndi zingati?"

"Ndi katheka ka paundi. Ndikanatha kukachotsa. Shaylee anandilowetsa kuchimbudzi. Ndinagwada ndithu."

A Lyle anakhala ngati asiya kupuma. "Ndiye?"

"Ndiye ndinadzuka."

Bamboyo anayang'ana kumikeka. Kenako anatulutsa mpango n'kumina mwaphokoso.

"Chisanu cha chaka chino chikulowa mpaka m'maso," anatero.

Apo Corinne analira, pakuti tsopano madzi analimo. Zinamuwawa. Chaka chathunthu chothamanga m'chisanu, kugwetsedwa ndi kudzuka, chonsecho chapita. Pansi m'holomo mtsikana wa sukulu ina, amene akanagwetsana naye, anakwezedwa dzanja kuti wapambana popanda kukhetsa thukuta. A Lyle sanamunyengerere kuti zilibe kanthu, chifukwa kanthu zinali nako. Anangotsegula kontena ija.

Munali mazira awiri owiritsa, mbatata yootcha ikadali yofunda, ndi apulo wamkulu wofiira. Mwachizolowezi anapisa m'thumba n'kutulutsa kampeni kawo. Corinne anawalanda apuloyo.

"Musadule."

Analuma, kuti khwa! Madzi ake anatsikira pachibwano. A Lyle anayang'ana polumidwapo, pamene mano a mwana wawo anasiya mzere wathunthu.

"Lumanso," anatero.

Akuluma kachiwiri, chimkuzamawu chinalira.

"Malo a 125, mkeka wachiwiri. Shaylee Boekhoff!"

Wopikisana naye anali atafika kale pamkeka, akudumphadumpha. Woimbira masewera anayang'ana uku ndi uku. Dzina linaitanidwanso. Kenako kachitatu. Anthu anayamba kutembenuka, kufunsana.

Mayi Odegaard anatulukira kukhomo la zipinda zosinthira akuthamanga. Anakwera masitepe a mabenchi awiriawiri, atsikana a m'timu ali pambuyo pawo, mpaka anafika pamene panali Corinne. Nkhope yawo inali itasintha.

"Corinne, Shaylee wadzitsekera kuchimbudzi ndipo sakuyankha. Tikungoona mapazi pansi pa chitseko. Ambulansi ikubwera, ndipo akufunsa ngati wamwa kanthu. Anzakowa onse akuti sakudziwa. Iwe unali naye. Wamwa chiyani?"

Kumbuyo kwa akochi, mtsikana amene analira ngati nkhumba uja anamuyang'ana Corinne m'maso, n'kupukusa mutu pang'onopang'ono.

Corinne anameza zimene zinali m'kamwa. Apulo wotsalayo anawapatsa bambo ake, ndipo anaimirira kuti awayankhe akochi.